Za Kusintha Sisitemu ya Kompyuta, ndi Paipi ya Amalume Anga

Pamene akonzi a magazini yathu ino analengeza kuti ali yense wokhala ndi nkhani yothandiza ailembe, anzanga a m'Kalabu ya Kompyuta analoza ine, nati, "Iwe lemba za paipi ya amalume ako ija." Anatero chifukwa nkhaniyi akhala akuiseka chiyambire cha teremu. Ine ndabvomera, chinkana wopusa wa m'nkhanimu ndine ndemwe, pakuti ndidziwa kuti pano pa Mitundu tiripo ambiri amene kwathu kuli kompyuta yokalamba, ndipo tsiku lina wina adzafuna kuchita chimene ndinachita ine. Ndi bwino amve kwa ine asanayambe.

Kwathu ndi ku Nathenje, pa mseu waukulu wa M1 wonka ku Dedza. Achimwene anga akuphunzira uinjiniya wa ulimi wothirira ku Bunda, koleji ya pafupi nafe pano, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo kuyambira 2012 iri pansi pa yunivesite ya LUANAR. M'chaka cha 2025 iwo anagula laputopu ina yogwirapo kale nchito, nandipatsa yao yakale, nati, "Tenga mphwanga, uziphunzirira. Koma foda yolembedwa kuti DIMBA usaikhudze, m'menemo muli nchito ya amalume." Laputopuyo ndi nkhalamba ndithu. Batire lake linafa kalekale, RAM yake ndi magigabaiti 4 okha, ndipo munali Windows 10 amene poyaka ankatenga nthawi yoti munthu n'kuwiritsa madzi a tiyi. Aphunzitsi athu a Kompyuta anabvomera kumandisungira m'chipinda cha makompyuta.

Tsono pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kutumiza zigamba zotetezera Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa padera kuti aonjezeredwe chaka chimodzi. Kutero sikutanthauza kuti kompyuta imafa tsiku lomwelo ai. Imayakabe, koma ziboo zatsopano zimene mbala ndi mavairasi apeza sizitsekedwanso. Iri ngati nyumba ya udzu imene mwini wake waleka kufolera, chaka choyamba mugonamo bwino, koma mvula ikudza. Windows 11, amene anatuluka mu 2021, afuna purosesa yatsopanoko ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo nkhalamba yangayi iribe zonse ziwiri. Aphunzitsi anandiuza kuti njira yosalira ndalama iripo, ndiyo kuchotsa Windows ndi kuikamo Linux.

Ndiyambe ndafotokoza chimene chisinthika munthu akatero, pakuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'kompyuta iri yonse muli pulogalamu yaikulu yolamulira zinzake, imene odziwa amaitcha operating system, ife tingoti sisitemu. Inu amene munakhalapo pa esiteti ya fodya mudziwa kapitao wosunga makii a mosungira katundu. Mmisiri akadza kudzamanga chigafa salowa yekha m'menemo. Apempha kapitao kuti, "Ndipatseni misomali, ndipatseni makwerero," ndipo kapitao atulutsa. Sisitemu ndiye kapitaoyo, mapulogalamu ena onse ndiwo amisiri. Pulogalamu yojambulira mapulani siidziwa yokha kulemba pa sikirini kapena kusunga kanthu pa disiki. Imapempha sisitemu kuti, "Nditsegulireni zenera, ndipatseni malo m'RAM, ndiwerengereni fayilo yakuti." Akapitao odziwika a makompyuta alipo atatu: Windows, macOS wa makina a Apple, ndi Linux. Onse agwira nchito imodzimodzi, koma ali yense amva chinenero chake, ndipo mmisiri wophunzitsidwa kupempha kwa mmodzi akapita kwa wina angoyang'anizana.

Linux anamuyamba ndi mnyamata wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, dzina lake Linus Torvalds, m'chaka cha 1991, ndipo chiyambire pamenepo anthu zikwi zambiri a maiko osiyanasiyana akhala akuonjezerapo. Munthu ali yense aloledwa kumtenga ndi kugawira anzake osalipira. Mitundu yake ndi yambiri. Wotchuka ndi Ubuntu, amene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, ndipo dzinalo ndi liu lomwe lija ife timati umunthu. Ife tinasankha Linux Mint, amene amangidwa pamwamba pa Ubuntu, chifukwa maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi a Windows. Inu amene muti simunamuonepo Linux, dziwani kuti foni iri yonse ya Android mtima wake ndi yemweyo.

Tsiku loika tinachita zonse mwadongosolo, kapena nditi ine ndinayesa kuti ndi dongosolo. Aphunzitsi anandikakamiza kukopera mafayilo onse pa fulashi ndisanakhudze kanthu, ndipo ndiwathokoza mpaka lero, chifukwa foda ya DIMBA inapulumukira pamenepo. Ine mwa nzeru zanga ndinaonjeza china. Ndinaona tizithunzi ta mapulogalamu a achimwene tiri ndandanda pa sikirini, ndipo ndinatikopera tonse pa fulashi, mumtima ndiri kuti mapulogalamu ndasunga. Ndinadabwa pang'ono kuona kuti takopedwa m'kamphindi, koma sindinafunse. Pamene Linux anandifunsa ngati ndifuna akhale pambali pa Windows kapena afafanize zonse, ndinasankha kufafaniza, poti disiki inali yodzala ndipo Windows ndinali nditatopa naye. Tinapempherera magetsi kuti asathime pakati pa nchito, popeza laputopu yopanda batire ikazima nthawi imeneyo imatsala yopanda sisitemu ina iri yonse. Sanathime. Pomwe belu la chakudya chamadzulo limalira n'kuti nkhalamba ija ikuthamanga ngati mnyamata, yokhala kale ndi LibreOffice yolembera makalata ndi Firefox yolowera pa intaneti. Masabata asanu ndi limodzi ndinayenda monyada.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita nayo kwathu ku Nathenje, ndipo achimwene anafikanso, koma opanda laputopu yao. Inagwa pa kabaza nisweka sikirini, ndipo inali kwa wokonza m'tauni kudikira china cholowa m'malo. Nthawi yomweyo amalume anali pa moto. Iwo ndi anzao asanu ndi anai ali ndi kagulu kolima tomato, kabichi ndi chimanga chachiwisi ku dambo. Anasonkha ndalama nagula pampu ya sola ndi thanki, ndipo chotsala chinali mapaipi otsitsa madzi kuchoka pa thanki kunka ku madimba. Anafuna kugula msanga mitengo isanakwerenso, kuti mvula ikangosiya ayambe kuthirira. Wowauza kukula kwa paipi yoyenera anali achimwene, ndipo mapulani ndi masamu onse anali mu DIMBA muja.

"Tayatsa kompyuta ija," anatero achimwene madzulo a tsiku loyamba. Itayaka anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi Linux, achimwene. Ikuthamanga tsopano."

"Nanga AutoCAD wanga ali kuti?"

Ine ndinatulutsa fulashi mosatekeseka, ndi kuwaonetsa tizithunzi tija. Sanakalipe ai, anangogwira kumutu. Anandiuza kuti kachithunzi ka pa sikirini si pulogalamu. Ndi chikwangwani choloza kumene pulogalamu ikhala. Ine ndinazula chikwangwani cha sitolo ndi kuchisunga bwino, sitolo yeniyeniyo n'kuigwetsa.

Mwamwai iwo anali ndi fulashi yao yokhala ndi mafayilo oikira ena a mapulogalamuwo, aja othera ndi .exe. Tinadina imodzi, osachitika kanthu. Zifukwa zake ziripo ziwiri. Choyamba, fayilo ya .exe inamangidwa m'kamangidwe ka Windows, pamene Linux ali ndi kamangidwe kake kena, kotero kuti sadziwa n'komwe poyambira kuiwerenga. Chachiwiri ndicho chachikulu: ngakhale akadaiwerenga, zopempha zonse za m'katimo ndi za m'chinenero cha Windows. Purosesa ndi yomwe ija, RAM ndi yomwe ija, magetsi ndi omwewo. Ziri monga ketulo imene mbale wanu wabwera nayo kuchokera ku Joni. Ketulo ndi yabwino, magetsi athu aikwana, koma mapini ake ndi obulungira pamene soketi ya pa khoma lathu ndi ya mabowo a ngodya. Wolakwa palibe, si wopanga ketulo, si womanga nyumba. Wofunika kuganiza anali wogulayo.

Achimwene anatenga pepala nalemba mapulogalamu anai amene nchito ya amalume inafuna: QGIS ya mapu, EPANET yowerengera kayendedwe ka madzi m'mapaipi, CROPWAT yowerengera madzi amene mbeu ifuna, ndi AutoCAD yojambulira pulani. Pepala limeneli ndilo ndinayenera kulemba ine mu Okutobala. Chimene ndinaphunzira usiku umenewo n'chakuti funso loti "Kodi mapulogalamu a uinjiniya amayenda pa Linux?" liribe yankho limodzi. Pulogalamu iri yonse iri ndi mlandu wakewake.

Ya QGIS sinabvute. Eni ake amaipanga ya masisitemu onse atatu, ndipo ndi yaulere. Tinagula bandulo, n'kuitsitsa, ndipo mapu a dambo anatseguka monga anawasiyira. Alipo mapulogalamu ena otere: KiCad ya ojambula njira za magetsi a m'mawailesi ndi zina zotero, FreeCAD yojambulira zida za makina, imene inafika pa 1.0 mu Novembala 2024, ndiponso MATLAB ya masamu, imene ndi yogula koma iri ndi mtundu wake wa Linux.

EPANET ndi CROPWAT zinafuna womasulira. Womasulirayo dzina lake ndi Wine, ndipo aphunzitsi asade nkhawa, si vinyo ai. Inu mwaonapo ku tchalitchi mlaliki wachilendo akulankhula chinenero chake, wina ataima pambali kutembenuza chiganizo chiri chonse. Wine achita chomwecho. Aima pakati pa pulogalamu ya Windows ndi Linux; pulogalamu ikati m'chinenero cha Windows, "Nditsegulireni zenera," iye atembenuza pempholo kuti Linux amve. Mwa iye mulibe Windows ngakhale pang'ono. Anthu odzipereka analemba okha mau onsewo limodzi limodzi, ndipo kuti muone kukula kwa nchitoyo, anayamba mu 1993 koma anafika pa 1.0 mu 2008, patapita zaka 15. Wine amakonzanso foda yonamizira disiki C ya Windows, kuti pulogalamu iziyesa kuti iri kwao.

Womasulira achita bwino mlaliki akamalankhula mau wamba. EPANET ndi pulogalamu yaing'ono, yopangidwa ndi bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA, yaulere, ndipo zopempha zake ndi zakalekale zimene Wine anazizolowera. CROPWAT ya bungwe la FAO ndi chimodzimodzi. Zonse ziwiri zinalowa ndi kutseguka, zilembo zokha ndizo zinaoneka zachilendo pang'ono. Achimwene anatsegula fayilo yao yakale ya mapaipi, nayendetsa masamu, ndipo manambala anafanana ndi amene anali m'kope mwao. Apo ndi pamene anandilankhulanso.

Koma AutoCAD ndi mlaliki wa mikuluwiko. Pulogalamu imeneyi kampani ya Autodesk inaitulutsa mu 1982, ndipo masiku ano imaipangira Windows ndi macOS. Ya Linux palibe. Ndi yaikulu, idalira zigawo zambiri za Windows mwini wake, ifuna kulankhula kwambiri ndi chipangizo chojambula zithunzi, ndiponso imafufuza laisensi yake pa intaneti. Eni ake a Wine amasunga mndandanda wa mapulogalamu amene anthu anayesa, ndipo iri yonse amaipatsa giredi kuyambira Platinum, Gold, Silver, Bronze kufikira Garbage, ndiko kuti zinyalala. Achimwene atayang'anamo anati tisataye bandulo yathu. SolidWorks, imene a uinjiniya wa makina amakonda, nayonso ndi ya Windows yekha.

Apa achimwene anandiphunzitsa kusiyanitsa chida ndi nchito. Amalume sanafune AutoCAD, anafuna pulani. Bvuto linali lakuti pulaniyo inasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa DWG, umene ndi wa AutoCAD mwini, ndipo mapulogalamu ena amauwerenga mopunduka, nthawi zina osauwerenga konse. Koma ulipo mtundu wina wotchedwa DXF, umene Autodesk yomweyo inakonza dala kuti ukhale wopatsirana. Achimwene anatumiza fayilo ija pa WhatsApp kwa mnzao wa m'kalasi amene ali ndi AutoCAD, iye anaitsegula naisunganso ngati DXF, natibwezera m'mawa mwake. Ife tinaika LibreCAD, pulogalamu yaulere ya Linux yojambulira mapulani a pa pepala, ndipo madimba khumi aja anaonekera pa sikirini.

Sanaonekere bwinobwino ai. Mizere yonse inalipo, koma zilembo zinakula n'kukwerana, ndipo timizere tosonyeza malo a madzi tinasowa. Ine ndinati tisindikize basi. Achimwene anakana, nayamba ayeza pa sikirini mbali imodzi ya dimba la amalume imene anaiyeza okha ndi tepi m'mwezi wa Ogasiti, mamita 40. LibreCAD inati 40. "Chinthu chikasamuka," anatero, "uyambe wachifunsa funso limene yankho lake ulidziwa kale." Ndinamva, koma monga muone posachedwa, zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Pa za LibreCAD ndinene zoona: pa pulani ya madimba, ya khola kapena ya nyumba ya zipinda zitatu ikwana ndithu, koma amene akuuzani kuti ndi AutoCAD waulere akunamizani. Achimwene nchito ya mphindi khumi anaigwira ola lathunthu, kufunafuna mabatani amene zala zao zinazolowera kwina.

Ziripo njira zina ziwiri zimene ife sitinathe kutsata. Ina ndi virtual machine. Pulogalamu monga VirtualBox imamanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta yeniyeni, ndipo m'menemo muikamo Windows wathunthu, ndi laisensi yake, kenaka AutoCAD. Imeneyi siifuna womasulira, koma masisitemu awiri adya RAM imodzi nthawi imodzi. Pa magigabaiti 4 ndi mabanja awiri m'nyumba ya chipinda chimodzi. Inayo ndi dual boot, kugawa disiki pawiri, kwina Windows kwina Linux, ndipo poyatsa musankha kolowa. Mukafuna kwinako muyambe mwazimitsa. Iyi ndiyo Linux anandifunsa tsiku lija ine n'kukana. M'kuganiza kwanga, munthu amene m'kompyuta mwake muli nchito ya wina asankhe imeneyi, Windows wakaleyo azimugwiritsa pa pulogalamu imodzi yokhayo osamlowetsa pa intaneti wamba. Ndiponso musathamangire AutoCAD wothyola amene ena amagulitsa pa fulashi, pakuti kawirikawiri amadza ndi alendo osaitanidwa. Autodesk imapereka laisensi yaulere ya chaka chimodzi kwa ophunzira olembetsa.

Tsopano ndifike pa paipi. Pa tsiku lachinai amalume anadza ndi uthenga woti gulu lasintha malo a thanki. Aiika pa chulu chachikulu cha kumtunda, kotero kuti masamu akale sagwiranso. Achimwene anapita nao kukayeza, napeza kuti madzi a m'thanki adzakhala mamita 6 pamwamba pa madimba, paipi idzatalika mamita 200, ndipo pafunika lita imodzi pa sekondi iri yonse. Masana kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nafe, ndipo achimwene popita anandisiyira pepala la manambalawo, nati, "Ulowetse izi, uyese paipi ya mamilimita 50, ya 40 ndi ya 25. Ndidzaona ndikabwera."

Ine poopa kuononganso kanthu sindinakhudze fayilo yao yakale. Ndinatsegula nchito yatsopano mu EPANET, ndi kujambula thanki, paipi ndi potulukira madzi. Ndinalemba 6, ndinalemba 200, ndinalemba 1. Ndinayesa 50: madzi anafika kumapeto osataya mphamvu ngakhale pang'ono. Ndinayesa 40, chimodzimodzi. Ndinayesa 25, chimodzimodzinso, kutaya kwake 0.00. Mtima unagunda ndi chimwemwe. Amalume atadzera pakhomo ndinawauza ndi mau a munthu wamkulu kuti, "Amalume, kompyuta yanena kuti ya 25 ikwana."

"Ya 25? Iwe mphwanga wanena zoona?"

"Onani nokha, palibe chotayika."

Amalume anayang'ana manambala amene sanawamve, nakondwa kwambiri, pakuti paipi yaing'ono mtengo wake ndi wotsika kutali ndi yaikulu, ndipo ndalama zotsala akadagulira feteleza. Anapita kukauza msungichuma wa gulu kuti akonzeke kukwera minibasi yoyamba ya ku Lilongwe.

Achimwene anafika usiku, ndipo ine osadikira kuti adye ndinawaonetsa. Anangoyang'ana kamodzi nafunsa, "Liwiro la madzi likuti 0.00. Madzi akowa akuyenda kapena aima?" Kenaka analoza pansi pa zenera, pamene panalembedwa zilembo zitatu zazing'ono, GPM.

Nachi chimene chinachitika. EPANET inabadwira ku America, ndipo ikangoikidwa kumene imayamba ndi miyeso ya kumeneko: madzi iwerenga m'magaloni pa mphindi, utali m'mafiti, kukula kwa paipi m'mainchi. Kuti iwerenge mamita ndi mamilimita munthu ayenera kusintha GPM kukhala LPS, ndiko kuti malita pa sekondi. Achimwene anasintha zimenezi zaka zapitazo pa Windows uja, nauza pulogalamu kuti izikumbukira, mpaka iwo eni anaiwala kuti anachitapo zotere. Chikumbumtima chimenecho chinali m'kafayilo kobisika kamene ine ndinafafaniza pamodzi ndi Windows. Fayilo yao yakale inatuluka bwino chifukwa inanyamula miyeso yake m'kati mwake, koma nchito yanga yatsopano inayambira ku America. Tsono pamene ndinalemba 25, pulogalamu inamva mainchi 25, ndiwo masentimita 63 ndi theka, paipi yonenepa kuposa mgolo wa malita 200. Pamene ndinalemba 1, inamva galoni imodzi pa mphindi, madzi ochepa pafupifupi ka 16 kuyerekeza ndi amene amalume anafuna. Kamadzi kotere mu mgolo wotere katayenso mphamvu yanji? Kompyuta inayankha zoona zokhazokha, koma pa funso limene ine sindinafunse.

Tinasintha kukhala LPS ndi kuyambanso. Madzi akamayenda m'paipi amakhulana ndi khoma lake, ndipo kukhulanako kumadya msinkhu umene achokera. Mainjiniya amakuwerenga m'mamita. Paipi ya pulasitiki ya mamilimita 25 m'kati mwake, yotalika mamita 200, kuti ipititse lita imodzi pa sekondi inafuna mamita ngati 40. Ife tinali nao 6. Pulogalamu inatulutsa chenjezo nthawi yomweyo. Ya 40 inadya mamita 4, kutsala awiri okha. Ya 50 inadya mita imodzi ndi theka osakwana. Taonani anzanga a Fizikisi: kukuza paipi kawiri kokha kuchepetsa kutayako pafupifupi ka 30. Achimwene anawerengera kuti ndi paipi yanga ija madzi akadatuluka ndithu, koma gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, ndowa ya malita 20 kudzala pafupifupi mphindi yathunthu m'malo mwa masekondi 20. Anthu khumi akadalimbirana kampopi kameneko mu Okutobala, tomato akufota, ndipo ndalama zogulira ina zikadachokera kuti?

Anandituma ndekha usiku womwewo, ndi tochi ya foni, kukagogoda kwa amalume. Ulendo wake ndi waufupi, koma sindinayendepo wautali chotere. Amalume anamvetsera ataima pakhomo, nafunsa funso limodzi lokha: "Tsono wanama ndani, iwe kapena makinawo?" Ndinati ndine. Anati chabwino, poti makina sakadatha kuwakalipira.

Ndisanamalize ndinene ichi, kuti wina asapite akunena kuti Linux anasokoneza masamu. Cholakwa chomwechi chikadachitika ngakhale ndikadaikanso Windows watsopano, pakuti pulogalamu iri yonse yoikidwa kumene imayamba ndi makonda a kwao. Posamuka pali zinthu zitatu zosiyana, mafayilo, mapulogalamu ndi makonda amene munthu anaika m'mapulogalamumo. Ine ndinasamala choyamba chifukwa aphunzitsi anandiumiriza, chachiwiri ndinayesa kuti ndasunga, chachitatu sindinadziwe n'komwe kuti chiriko. Kwa wolemba makalata kutaya makonda ndi nkhani ya zilembo kusintha maonekedwe. Kwa injiniya ndi nkhani ya mainchi ndi mamilimita.

Msungichuma anakwerabe minibasi yoyamba ija, koma anakagula ya 50, ndipo za feteleza anaziika padera. Laputopu yanga ikali ndi Linux Mint, ndipo sindifuna kubwerera. EPANET ndi CROPWAT zikuyenda, QGIS ndi LibreCAD zirimo, AutoCAD mulibe ndipo simudzakhala. Achimwene tsopano pulani iri yonse amaisunga kawiri, DWG ndi DXF. Amalume akandiona amati, "Wafika injiniya wa mgolo," ndipo dzinali mwatsoka linandiperekeza mpaka kuno ku sukulu.

Amene afuna kuona Linux ndi maso ake abwere ku kalabu Lachitatu tikaweruka. Tiri ndi fulashi imene iyatsa Linux pa kompyuta osafafaniza kanthu, kotero kuti munthu atha kumuyesa ndi kubwerera ku Windows wake bwinobwino. Koma aphunzitsi akhazikitsa lamulo latsopano chifukwa cha ine: saika Linux pa makina a munthu amene sanabwere ndi pepala lolembapo mapulogalamu onse a m'makinamo, losainidwa ndi mwini wake weniweni.